Za Mwana wa M'mimba: Kuyankha Mau a pa Siwa

Mwezi wathawu tinaika maliro a mtsikana wa zaka 16 m'mudzi wina wa kuno ku Cisepo. Dzina lace sindilichula, pakuti amace akali ndi cisoni, ndipo amene anafika pa maliropo alidziwa kale. Anali mwana wa m'kalasi mwanga zaka zitatu zapitazo, wakhama pa masamu, wosalankhula pokhapokha atafunsidwa. Polengeza, mwini mbumba anati mwanayo wamwalira ndi malungo. Koma amai amene anasambitsa mtembo anadziwa kuti si malungo ai, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva monong'ona kuti anadzilasa ndi phesi la cinangwa kuti ataye mimba ya miyezi inai, nabisa masiku asanu, kufikira thupi linatentha ngati moto. Ngolo inafika naye ku cipatala atatsirizika kale.

Usiku wa pa siwa, ife amuna tiri kuotha moto panja, mnyamata wina amene aphunzira ku sukulu ya ukacenjede anati, "Azibambo, mwanayu waphedwa ndi lamulo. Cimene anafuna kucotsa sicinali munthu, anali magazi cabe. Ngakhale makolo athu anadziwa zimenezi, cifukwa cace mtayo sauikira maliro." Mkulu wina wa mpingo anamdula mau nati, "Iwe khala cete. Wakupha ndi wakupha, wadzitengera yekha." Ine sindinayankhe, popeza pa maliro si pocitira makani. Koma mau onse awiri anandisowetsa tulo, ndipo ndayesa kuti nkwabwino ndiyankhe muno, m'mene mnyamatayo angawerenge modekha, ndi mkuluyonso.

Ndiyamba ndi mnyamatayo, pakuti mau ace sanawatole m'njira. Ali ndi eni ace m'mabuku. M'caka ca 1973 mai wina wanzeru wa ku America, dzina lace Mary Anne Warren, analemba kuti kukhala wa mtundu wa anthu ndi kwina, kukhala munthu woyenera kumsungira moyo ndi kwinanso. Anati munthu weniweni adziwika ndi zizindikiro zisanu: kumva zowawa ndi kuzindikira zomzinga, kulingalira, kucita kanthu mwa kufuna kwace, kuuza anzace za mumtima, ndi kudzidziwa yekha kuti alipo. Popeza wa m'mimba alibe zimenezi, iye anati kumcotsa si kupha munthu. Mau awa amveka okoma pa pepala. Koma tengani muyeso womwewo mulowe nao m'cikuta, muyese khanda la masiku atatu. Limva kuwawa, inde, monga amvanso mwana wa mbuzi. Koma kodi lilingalira? Kodi lidzidziwa? Lingolira ndi kuyamwa. Pitani naonso kwa agogo aja amene nzeru zinawathera, osazindikira ngakhale ana ao obala okha, kapena kwa munthu amene wagwa pa njinga nakomoka sabata lathunthu. Onsewa muyesowo uwataya kunja. Ndipo musayese kuti ndiri kuwanamizira anzeruwo. Mnzao wa ku Australia, Peter Singer, anautsata muyeso wotere kufikira kumapeto kwace, nabvomera poyera m'buku lace la 1979 kuti kupha khanda lobadwa kumene sikulingana ndi kupha munthu wodzidziwa. Ndimlemekeza cifukwa sanabise kumene njirayo ipita. Koma ine ndakhala ndi coko m'manja zaka zoposa 20, ndipo ndidziwa kuti ndikapereka mayeso amene agwetsa ndi ana omwe ndiwadziwa bwino kuti akhoza, colakwa ciri pa mayesowo, si pa anawo.

Tsono za mtayo. Apa mnyamatayo ananena zoona, ndipo sindifuna kuzikana. Ndinaona ndi maso anga ndiri mwana: mimba ikapita padera, kapena mwana akabadwa wakufa, amai akuluakulu okha ndiwo anyamula kanthuko nakakakwirira m'dzenje losaya, amuna osapitako, mfuu wa maliro wosamveka, mowa wosaphikidwa. Munthu wina wophunzira wa ku Nigeria, Ifeanyi Menkiti, anayang'ana miyambo yotere m'caka ca 1984, nanena kuti kwa ife anthu akuda umunthu suli cobadwa naco, koma munthu aupata pang'ono pang'ono pamene alowa m'miyambo ndi m'maudindo a mudzi. Cifukwa cace khanda alilira pang'ono, nkhalamba ailira kwambiri. Mnzace wa ku Ghana, Kwame Gyekye, anamtsutsa, nati mudzi ulera umunthu koma suupanga. Ine ndiri ku mbali ya wa ku Ghana, ndipo umboni wanga ndiutenga konkuno kwathu.

Mwambo suwerengedwa tsamba limodzi. Makolo omwewo amene sanalire mtayo ndiwo anaika cisamba. Mkazi akaima mimba yoyamba, anamkungwi asonkhana namlanga za kadyedwe, za kagonedwe, ndi zoti azilewe, kuti cimene wanyamula cifike bwino. Mwamuna nayenso amangidwa. Akayenda ndi mkazi wina mkazi wace ali ndi pakati, ndipo mai kapena mwana nkufa pobereka, akuluakulu anena kuti wamdula, ndipo unali mlandu woopsa, wofika kwa ankhoswe ndi kwa mfumu. Ndifunsa ine, kodi anthu amanga mwamuna ndi malamulo otere cifukwa ca magazi cabe? Ndani analipitsidwapo mbuzi cifukwa ca kamfuno? Ndiponso kuika kwa amai okha sikunali kwa mtayo wokha. Khanda lobadwa lamoyo, likafa lisanatuluke m'cikuta, lisanapatsidwe dzina, analiika comweco. Ngati mwambowo utsimikiza kuti mtayo si munthu, utsimikizanso kuti khanda loyamwa si munthu; ndipo palibe gogo wa ku Dowa kapena wa ku mapiri a Nchisi amene angalole mau amenewo kunenedwa pa khomo pace. Amai anga anandiuza cifukwa ca dzenje losaya: akuti mukakumba lakuya, kapena mukalira mokweza, mutseka mimba ya mai, sadzaonanso mwana. Ife sititsata cikhulupiriro cimeneco, koma onani kumene mtima wa mwambowo uli. Uli pa kusunga mai ndi ana akudza m'mbuyo. Masiku amenewo ana anali kufa ngati nkhuku za citopa, ndipo mudzi ukadalira maliro athunthu pa khanda liri lonse, khasu likadagwidwa liti? Kucepetsa maliro kunali cifundo kwa amoyo. Sikunali ciweruzo cakuti wakufayo ndi cinthu wamba.

Mnyamatayo anachulanso mwambi uja wakuti kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu, kuti aonetse kuti munthu akhala munthu pokhala ndi anzace. Mwambiwo ndiulandira ndi manja awiri. Koma mwa ife tonse, ndani ali ndi mnzace usana ndi usiku kuposa wa m'mimba? Adya cimene amace adya, ayenda kumene amace ayenda. Ali nao kale amalume ace, ali nayo kale mbumba imene adzawerengedwamo. Cimene asowa ndi dzina lokha, ndipo opereka dzina ndife.

Funso lobvuta ndi lakuti, ayamba liti? Pano ndinena moona, ngakhale ena a mu mpingo sadzakondwa nazo. Aphunzitsi akale a Eklesia sanabvomerezane. Aristotle, Mgriki amene anakhala zaka zoposa 300 asanabadwe Ambuye, anayesa kuti mwana wamwamuna ayamba kugwedezeka pa masiku 40, wamkazi pa masiku 90. Ndipo Thomas Aquinas, amene anafa mu 1274, anatsata maganizo akuti mzimu wa munthu ulowa patapita nthawi. Aroma anacotsa kusiyanitsa kumeneku m'malamulo ao a cilango m'caka ca 1869, masiku a Papa Pius IX. Koma ngakhale anatsutsana za tsiku la mzimu, kutaya mimba anakukana kuyambira kabuku kakale kochedwa Didache, kolembedwa pafupi ndi masiku a atumwi. Lero madotolo aona ndi makina zimene Aristotle anangoganizira. Kamtima kayamba kugunda mwezi woyamba usanathe citengere pakati; pofika masabata 8 timanja ndi timiyendo taoneka; pa mwezi wacinai kapena wacisanu mai amva kutakataka. Palibe tsiku limene dotolo angaloze nati, dzulo cinali cinthu, lero ndi munthu. Ndi mmodzi yemweyo alinkukula.

Ife alimi sitisowa kuphunzitsidwa zimenezi. Mbuzi za mnzako zikadya mmera m'munda mwako mwezi wa December, mwini mbuzi sanganene pa bwalo kuti, "Sizinadye cimanga, zinadya masamba." Mfumu imlipitsa, cifukwa cimene cinaonongeka ndi nkhokwe ya mwezi wa May. Mwamuna wina wa ku America, Don Marquis, ananena cimodzimodzi mu 1989: coipa ca kupha ndi kumlanda munthu masiku ace onse a m'tsogolo, ndipo wa m'mimba ali nao masiku amenewo monga ife. Mtsikana amene tinaika uja analandidwa zaka zace za m'tsogolo, ndi wa m'mimba mwace yemwe. M'bokosi lija munali awiri.

Pali mtsutso wina umene mnyamatayo sanauchule, ndipo ndiwo wolimba koposa. Ndimpatsa ndine, kuti asati ndinamgonjetsa pobisa zida. M'caka ca 1971 mai wina wa ku America, Judith Jarvis Thomson, anati: cabwino, tibvomere kuti wa m'mimba ndi munthu. Tsono yerekezani kuti mwadzuka m'mawa, mwapeza kuti anthu anakubani usiku nalumikiza mitsempha yanu ndi ya woimba zeze wochuka amene impso zace zaleka nchito. Akuuzani kuti mukhale cigonere miyezi 9, pakuti mukadzimasula iye afa. Kodi muli okakamizidwa kukhala? Kukhala ndi ukoma mtima, anatero maiyo, koma si mangawa. Pa mimba zambiri fanizoli silikwana. Woimba zezeyo ndi mlendo, ndipo simunamdwalitse ndinu. Wa m'mimba ndi mwana, ndipo anamuitana ndi anthu awiri. Kwa mwana wako uli ndi mangawa amene ulibe kwa mlendo wa m'njira. Awiri, ndatero, musaiwale mau amenewa, tidzawafunanso.

Koma ziripo mimba zina zimene fanizoli lizikhala ngati cibvundikiro pa mphika wace. Mwana wa zaka 13 wogwiriridwa ndi munthu wamkulu wabedwadi usiku. Sanaitane munthu. Ciuno cace sicinakhwime, ndipo kubereka kungamuphe, kapena kumsiya ndi nthenda ya kudontha mkodzo. Mlandu wotere unafika ku Bwalo Lalikulu ku Blantyre, ndipo m'mwezi wa October 2025 woweruza anagamula, potsata lamulo la 2013 loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi, kuti mtsikanayo analakwiridwa pamene anambweza osamthandiza kucotsa mimbayo. Ine ndinenabe kuti pamenepo pali miyoyo iwiri, ndipo uli wonse ukatayika ndi maliro. Koma mwala woponya mwanayo, kapena woweruzayo, sindiutola. Ndime 243 ya malamulo athu a milandu inalola kuyambira kale kuti dotolo apulumutse moyo wa mai ngakhale wa m'mimba atayike, ndipo palibe mlimi amene asiya nkhokwe iri kupsa kuti akaingitse mbuzi pa mmera. Cimene ndikana ndico ca kwa anzathu a ku Mozambique, kumene lamulo la 2014 lilola kucotsa mimba ya masabata osapitirira 12 pa cifukwa ciri conse, monga linaciteranso la ku South Africa mu 1996. Kumeneko funso lakuti wa m'mimba ndani analicotsa pa bwalo osaliyankha.

Tsono ndibwera kwa inu, mkulu mnzanga, ndipo mundikhululukire, pakuti mau anu ndiwo anandiwawa koposa. Munati wadzitengera yekha. Yekha? Mimba yopanda mwamuna ndinaimva kamodzi kokha, ndipo inali ya ku Nazarete.

Ofufuza a sukulu ya udotolo ya ku Blantyre, pamodzi ndi a bungwe la Guttmacher, anawerengera kuti m'caka ca 2015 cokha mimba ngati 141,000 zinacotsedwa m'Malawi muno, ndiko kuti akazi 38 mwa 1,000 ali onse a zaka 15 kufikira 49. Ndiponso kuti mwa akazi asanu otere, atatu anabvulala kofuna cipatala. Akazi amenewo sanagwe kucokera kumwamba. Akhala ku mbali ya amai Sabata ndi Sabata, aimba m'makwaya athu, ndipo ena abvala zobvala za Cigwirizano. Lamulo liripo, ndipo nlaukali. Linadza ndi boma la Angerezi mu 1930: ndime 149 ipereka zaka 14 m'ndende kwa wocotsa mimba ya mkazi, ndime 150 zaka 7 kwa mkazi mwini, ndime 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Werengani ndime zitatuzo bwino lomwe, muone ngati mupezamo mwamuna amene anati, "Si yanga, uone cocita," nakwera basi ya ku Lilongwe. Mulibemo.

Bungwe lounika malamulo litapereka mu 2015 lamulo latsopano lofuna kulola kucotsa mimba pa zifukwa zina, monga kugwiriridwa, kugonana pa cibale, kulumala koopsa kwa mwana, ndi kuopsa kwa thanzi la mai, Akristu a mipingo yambiri anayenda m'miseu ndi zikwangwani m'mwezi wa December 2016 kulikana. M'mwezi wa March 2021 phungu Matthews Ngwale anayesa kulibweretsa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu anzace anakana ngakhale kulikamba. Ambiri tinakondwa. Koma zikwangwani zitapindidwa, tinasintha ciani m'mudzi? Mtsikana akaoneka ndi pakati, akulu a mpingo timuitana, timfunsa tiri amuna okhaokha iye ali cigwadire, timuika pa cilango, ndipo mpingo wonse udziwa. Mwamuna akakana, titi palibe mboni. Ankhoswe a kucimuna asowa. Bambo wa mtsikanayo amuopsa kuti amthamangitsa pa khomo, amai ace alira kuti wawacititsa manyazi ku Cigwirizano. Mwana wa zaka 16 aona zonsezi zisanamfikire, pakuti anaziona pa mnzace caka catha, ndipo awerengera monga ndinamphunzitsira masamu: mbali iyi manyazi otsimikizika, mbali iyo phesi la cinangwa ndi mwai woti mwina palibe adzadziwa. Tinena pa guwa kuti wa m'mimba ndi mphatso ya Mulungu, koma amene wanyamula mphatsoyo timlandira ngati wanyamula khate. Ana athu amva zimene ticita koposa zimene tilalika.

Sindinena izi ngati woyera m'manja. Zaka zanga zoyamba za uphunzitsi ndinaimiritsa mtsikana wina pa mzere wa m'mawa, ana onse alikupenya, ndi kunena kuti nacho citsanzo ca osamvera. Ndinayesa ndiri kuchinjiriza anzace. Boma linali litalola kale, kuyambira 1993, kuti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu, koma uyo sanabwerere, ndipo sindimdabwa. Mtsikana tinaika uja ndinakomana naye pa msika wa Cisepo masabata atatu asanafe, atabvala juzi dzuwa liri kuswa mtengo. Ndinazindikira. Ndinampatsa moni ndi kupitirira, poyesa kuti si nkhani ya mwamuna. Akadadziwa kuti alipo munthu mmodzi wamkulu amene angamuuze osalengezedwa, kaya lero akadakhala ali kusoka timalaya.

Masiku asanu aja ndiwo andipweteka. Anabisa cifukwa anaopa ndende ndi cilango. Dziwani ici, amai nonse owerenga, ndipo muuze anzanu osawerenga: mkazi amene mimba yacoka, kaya yacoka yokha kaya yacotsedwa, zipatala zimlandira ndi kumtsuka ndi kumpatsa mankhwala, ndipo cithandizo cimeneco ncololedwa ndi boma. Mukaona magazi osaleka, thupi lotentha, m'mimba mowawa kwambiri, kapena pfungo loipa, musayambe ndi mafunso akuti wacita ciani, ndani wakupatsa. Funani njinga kapena ngolo tsiku lomwelo. Mafunso adikira, magazi sadikira.

Cifukwa cace ine, amene ndinena kuti wa m'mimba ndi munthu, ndinenanso kuti ndime 150 icotsedwe. Sinaletse mimba 141,000 kutayika, koma icedwetsa ana athu pa njira ya ku cipatala kufikira afa awiri m'malo mwa mmodzi. Wogulitsa zitsamba ndi mapiritsi a m'thumba, amene adyera pa mantha a ana, lamulo limgwire. Ndipo pa msonkhano wa akulu a mpingo ukudzawu ndidzaimirira kupempha kuti mlandu wa mimba usakambidwe kufikira mwamuna ataitanidwa poyamba; kuti mtsikana afunsidwe ndi amai, ku mbali, osati ndi ife; ndi kuti ngati ali wosakwana zaka 18, amene malamulo aakulu a dziko lino kuyambira 2017 amuyesa mwana, nkhaniyo isathere pa mbuzi ya kwa ankhoswe koma ifike kwa apolisi. Ndidziwa kuti ena adzati mphunzitsi wayamba kulekerera chimo. Ndidzawafunsa za mwamuna wa mimba ija. Mudzi wonse umdziwa. Ali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo pa maliro paja anathandiza kukumba manda. Sabata lotsatira ndiye anayendetsa mbale ya zopereka ku mbali ya amuna, ndipo inu mkulu mnzanga, ndi ine, tinaponyamo.